Liwu limodzi, lero dzina mawa mneni: ndingalizindikire bwanji m'Chingerezi?

Wa Fomu 4, Chilomoni

Moni nonse, makamaka aphunzitsi amene muli pano. Ndikukonzekera mayeso a MSCE ndipo Chingerezi chikundivuta pa mbali imodzi. Mitundu isanu ndi itatu ya mawu ija ndinailoweza bwinobwino: noun, pronoun, verb, adjective, adverb, preposition, conjunction ndi interjection. Matanthauzo akenso ndikhoza kuwalakatula osayang'ana m'buku. Koma akandipatsa chiganizo n'kudula mzere kunsi kwa liwu limodzi kuti ndinene mtundu wake, ndimangolota. Mwachitsanzo "fast". Mu "He is a fast runner" akuti ndi adjective, mu "He runs fast" akuti ndi adverb, pomwe liwu ndi lomwelo, komanso ife tinaphunzira kuti adverb imathera ndi -ly.

Vuto lachiwiri ndi mafunso osintha liwu kuti likwane pampata, monga "Her ____ surprised everyone" atapereka "decide". Ndimadziwa kuti pali decide, decision, decisive ndi decisively, koma posankha mutu umaima. Kodi pali njira yotsatira, kapena n'zongoloweza basi?

Mphunzitsi wa Chingerezi, Ndirande

Mwana wanga, njira ilipo, ndipo kudalira matanthauzo oloweza ndi kumene kwakusokeretsa. Zoti verb ndi "doing word" zimagwa msanga. Mu "the destruction of the bridge" muli kuchita koonekeratu, mlatho ukugumulidwa, koma "destruction" ndi dzina. M'Chingerezi mtundu wa liwu umadziwika ndi malo amene laima m'chiganizo ndiponso mawu amene layandikana nawo. Zili ngati mu minibasi ya ku Limbe: amene waima pakhomo n'kumatolera ndalama ndi kondakitala, koma munthu yemweyo akakhala pampando mawa lake n'kulipira, ndi wapaulendo ngati wina aliyense.

Ife zimativuta chifukwa Chichewa chinatizoloweza zina. Kwathu liwu limavala chizindikiro chake kumayambiriro: kukongola, wokongola, mokongola. Ukangomva mo- wadziwa kale kuti akunena mmene chinthu chachitikira, usanamve n'komwe chiganizo chonse. Chingerezi chimaika chizindikiro kumapeto, beauty, beautiful, beautifully, ndipo mawu ambiri afupiafupi alibiretu chizindikiro. Taona "round". Mu "a round table" ndi mfotokozi. Mu "Wanderers reached the second round" ndi dzina. Mu "The bus went round the Clock Tower" ndi mperekezi, mu "She turned round" ndi muonjezi, ndipo aphunzitsi a masamu akati "Round the figure to the nearest ten" alisandutsa mneni. Zilembo zisanu zomwezo, ntchito zisanu.

Tsono uzichita chonchi. Usayambe ndi liwu lodulidwa mzere lija, yamba wapeza mneni wa chiganizocho. Sintha nthawi, ika "yesterday" kapena "every day" koyambirira, uone liwu limene likukakamizika kusintha. "They water the seedlings" isanduka "Yesterday they watered the seedlings", ndiye kuti "water" pamenepo ndi mneni. Koma "The water tastes salty" isanduka "Yesterday the water tasted salty". Amene wasintha ndi "tastes", "water" wakhala chikhalire, ndipo kutsogolo kwake kuli "the", choncho ndi dzina.

Ukapeza mneni, zotsalazo zimayamba kuoneka malo ake. Mawu awa, the, a, an, my, her, this, some, amalonjeza kuti dzina likubwera. Likhoza kubwera nthawi yomweyo, kapena mfotokozi akhoza kulowa pakati, koma kawirikawiri dzinalo limafika ndithu. Mperekezi nayenso, in, on, of, with, by, amafuna dzina kapena mlowam'malo pambuyo pake. Tiyese ndi funso lako. Mu "Her ____ surprised everyone" mneni ndi "surprised". "Her" walonjeza dzina, ndipo pakati pa iye ndi mneni pali mpata umodzi wokha, ndiye yankho ndi "decision". Likadakhala "Her ____ action saved the child", dzina lolonjezedwalo lilipo kale, "action", ndipo mpatawo ndi wa mfotokozi, "decisive". Likadakhala "She acted ____", chiganizo n'chokwana kale popanda mpatawo, ndipo chikusowa ndi kunena mmene anachitira, "decisively". Muonjezi kawirikawiri ukhoza kumuchotsa chiganizo osagwa, ndipo nthawi zambiri ukhozanso kumusuntha: "Slowly he opened the gate", "He slowly opened the gate", "He opened the gate slowly".

Ndi mmenenso "fast" wako akuyendera. Mu "a fast runner" waima pakati pa "a" ndi dzina, akufotokoza wothamangayo. Mu "He runs fast" palibe dzina loti alifotokoze, akunena za kathamangidwe.

Pali msampha umodzi waukulu pamenepa, ndipo umakola ngakhale ana okhoza bwino. Si liwu lililonse lobwera pambuyo pa mneni lomwe ndi muonjezi. Aneni awa, be, seem, become, appear, look, feel, taste, smell, sound, akakhala kuti akungolumikiza mwininkhani ndi mmene alili, amatsatidwa ndi mfotokozi. Timati "The relish smells good", "She looked angry", "He felt bad". Poyesa, chotsa mneniyo uikepo "is" kapena "was". "She was angry" ikumveka, ndiye "angry" ali bwino. Koma mu "She looked angrily at the driver" mayiyo akuyang'anadi ndi maso, ndipo "She was angrily at the driver" siikumveka, choncho apo m'pa muonjezi.

Before, after, since ndi until uziwaweruza poona chimene chawatsatira. Chikakhala dzina lokha, "before lunch", ndi mperekezi. Chikakhala kachiganizo kokhala ndi mwininkhani ndi mneni wake, "before the rain started", ndi mlumikizi. Atatu oyambawo amathanso kuima okha opanda chowatsatira, monga "I have seen him before", ndipo akatero ndi muonjezi.

Mkonzi wa zolembalemba, Ginnery Corner

Aphunzitsi a ku Ndirande anena zenizeni, sindibwereza. Ine ndiwonjezere mbali yachiwiri, chifukwa kudziwa kuti pampata pakufunika dzina ndi theka chabe la ntchito. Dzinalo uyenera kulipanga, n'kulilemba molondola. Malikisi ambiri amatayikira pamenepa.

Aphatikiri a kumapeto ndi othandiza ukawadziwa m'magulu. Mayina a zinthu zosagwirika amakonda kuthera ndi -tion, -sion, -ment, -ness, -ity, -ance, -ence, -ship, -hood, ndi -th monga mu strength, depth, width. Mayina a anthu amathera ndi -er, -or, -ist, -ant, ndipo -ee ndi amene zikumuchitikira: employer ndi wolemba anthu ntchito, employee ndi wolembedwayo. Afotokozi ali ndi -ful, -less, -ous, -al, -ive, -able, -ible, -ic. Aneni ali ndi -ise, -ify, -en, ndiponso en- wa kumayambiriro: widen, purify, enlarge.

Koma lamulo lakuti -ly ndi muonjezi ulitenge mosamala, mng'ono wanga. Ukaphatika -ly ku mfotokozi umapezadi muonjezi, quick, quickly. Ukamuphatika ku dzina umapeza mfotokozi: friend, friendly, cost, costly, coward, cowardly, love, lovely. N'chifukwa chake "She greeted us friendly" n'cholakwika, umayenera kuzungulira n'kunena "in a friendly way". Palinso mawu amene ukawaika -ly tanthauzo limathawa. "He works hard" ndi munthu wolimbikira, "He hardly works" ndi mlesi. "She came late" wachedwa, "lately" ndi masiku ano. "Near" ndi pafupi, "nearly" ndi kutsala pang'ono. Wolemba kalata yofunsira ntchito akati "I work hardly" wadziipitsira yekha mbiri.

Mawu apawiri awa uwaike pamtima. Kuno timatsata kalembedwe ka ku Britain, ndipo m'kalembedwe kameneko c ndi dzina, s ndi mneni: advice ndi advise, practice ndi practise, licence ndi license, device ndi devise. Ukaiwala, kumbukira advice ndi advise, chifukwa awiriwa amamveka mosiyana potchula, ndipo enawo amatsata dongosolo lomwelo. Breath ndi dzina, breathe ndi mneni. Lose ndi kutaya, loss ndi dzina lake, pomwe loose ndi chinthu chokhwepa ngati sikulu yosamanga. Belief ndi believe, proof ndi prove, choice ndi choose. Ena salembedwa mosiyana n'komwe, chimasintha ndi pamene pagwera mphamvu potchula. Record, produce, import, present, object: mphamvu ikakhala pa phatikizo loyamba ndi dzina, ikakhala pa lachiwiri ndi mneni.

Tsinde nalonso limasintha, ndipo apa ndi pamene ndimaona zolakwika zambiri m'zolemba za akuluakulu omwe. Pronounce amataya o, pronunciation. Explain ndi explanation, maintain ndi maintenance, repeat ndi repetition. Argue amataya e, argument, chimodzimodzi true ndi truly. Y amasanduka i pambuyo pa lembo lopanda liwu, happy, happiness, happily. Mphatikiri -ful ali ndi l mmodzi, careful, ndipo awiri a mu carefully amabwera chifukwa -ly wabwera ndi wake. Mfotokozi wothera ndi -ic amatenga -ally, basically, tragically, kupatula publicly.

Za kubwereza lembo lomaliza zili ndi lamulo lake, si zolota. Liwu likathera ndi lembo laliwu limodzi lotsatidwa ndi lembo lopanda liwu limodzi, ndipo mphamvu ili pa phatikizo lomalizalo, bwereza: begin, beginning, prefer, preferred, occur, occurred. Mphamvu ikakhala kumayambiriro usabwereze: offer, offered, visit, visited, open, opening. N'chifukwa chake preferred ali ndi r awiri koma preference ali ndi mmodzi, mphamvu yasamukira kumayambiriro. Koma l amabwerezedwa m'kalembedwe ka ku Britain ngakhale mphamvu ili kumayambiriro, travelled, cancelled.

Chomaliza, ukapeza mtundu wa liwu werenganso chiganizo chonse uone ngati sichikufuna kutsutsa. "It is ____ to cross the Mudi when it is in flood" atapereka "safe": mfotokozi inde, koma nzeru zikuti "unsafe". Mphatikiri wotsutsa in- amasanduka im- patsogolo pa m ndi p, il- patsogolo pa l, ir- patsogolo pa r: immature, impossible, illegal, irregular. Aphatikiri a kumayambiriro monga dis-, mis- ndi un- akaphatikidwa sadya lembo la tsinde, ndiye dissatisfied, misspell ndi unnecessary ali ndi zilembo ziwiriziwiri, pomwe disappoint ndi disappear ali ndi s mmodzi chifukwa tsinde likuyamba ndi a.

Wophunzitsa ku koleji, Soche

Zikomo akuluakulu. Ine ndikufuna wophunzirayu aone kumene zolakwika zina zimachokera, chifukwa zambiri si umbuli ayi, ndi Chichewa cholondola chimene chalowa m'chiganizo cha Chingerezi. Ukadziwa gwero lake umazigwira wekha usanapereke pepala.

Choyamba ndi s wa mneni. Timati "mwana akusewera", timatinso "ana akusewera". Mneni sanasinthe, a- yemweyo. Khutu lathu silinazolowere kumva kusiyana pamenepo, ndiye "The boy play" ndi "The boys plays" zimadutsa osatipweteka. Mu nthawi ya kawirikawiri s amakhala mbali imodzi: "The boy plays", "The boys play". Chovuta ndi pamene mawu ena alowa pakati. Mu "One of the boys is absent" ndi "The price of tomatoes has risen", mwininkhani ndi "one" ndi "price", osati dzina loyandikana ndi mneni. Tseka ndi chala mawu oyamba ndi "of" aja uwerenge zotsalazo.

Chachiwiri ndi -ku-. Timati ndikudziwa, ndikumva, ndikufuna, ndikukhulupirira, ndipo mutu umathamangira ku -ing: "I am knowing", "I am understanding", "I am wanting". Aneni onena za maganizo kapena umwini, know, understand, believe, want, own, belong, kawirikawiri satenga -ing wopitirira. "I am having a car" ayi, "I have a car". Koma "I am having lunch" ndi yolondola, chifukwa "have" pamenepo akutanthauza kudya.

Chachitatu ndi mayina osawerengeka. Kwathu malangizo, mipando, zipangizo, zonse n'zochuluka, ndiye timapanga advices, furnitures, equipments, informations, luggages. M'Chingerezi mayinawa salandira s, salandiranso a kapena an, ndipo mneni wake ndi wa chinthu chimodzi: "The furniture is new". Ukafuna kuwerenga umabwereka liwu lina, "a piece of advice", "two items of luggage". "News" ali ndi s koma ndi chimodzi, "The news is good". Dikishonale ya ophunzira imaika chilembo U pa mayina otere ndi C pa owerengeka, uziyang'ana zimenezo, osangothamangira tanthauzo.

Aperekezi ongowonjezera nawonso amachokera kwathu. "Kukambirana za" amabala "discuss about", pomwe mneni discuss safuna mperekezi. Apa mtundu wa liwu ndi umene ukulamula: "We discussed the fees" koma "We had a discussion about the fees". "They requested help" koma "a request for help". "She emphasised the point" koma "She put emphasis on the point". Mneni wotereyu amagwira pamtherankhani wake mwachindunji, dzina limafuna mperekezi kuti alilumikize.

Afotokozi a -ed ndi -ing ndiwatchuleko pang'ono. Chichewa chimasiyanitsa bwino wotopa ndi chotopetsa, wosangalala ndi chosangalatsa. Tenga kusiyana komweko: -ed ndi amene akumva mumtima, -ing ndi chimene chikuchititsa. "I am bored" watopa nazo, "I am boring" ukunena kuti ndiwe wotopetsa anzako.

Wa Fomu 4, Chilomoni

Zikomo kwambiri aphunzitsi ndi nonse. Njira yosintha nthawi ija ndaiyesa pa mafunso akale ndipo ikugwira. Zatsala zitatu. Mawu a -ing ndiwatche chiyani? Mu "Swimming is good exercise", "She is swimming" ndi "a crying baby" onse akuoneka ofanana. Ndiponso "I look forward to ____ you" ndinaika "meet" chifukwa pambuyo pa "to" timaika mneni wosasintha, koma yankho akuti "meeting". Chinanso, "my" ndi "this" buku lina likuti adjective, lina likuti determiner. Cholondola n'chiti?

Wophunzitsa ku koleji, Soche

Pa funso lomalizalo, ine ndimaima ndi determiner, ndipo chifukwa chake n'choyeseka. Mfotokozi weniweni amalola "very" ndipo amayerekezeka, very tall, taller, tallest. Sunganene "very my" kapena "this-er". Afotokozi ukhozanso kuwaunjika, "a big old red bus", koma sunganene "the my bus". Mabuku otsata mitundu isanu ndi itatu analibe kwina kowaika, ndiye anawatcha possessive adjective ndi demonstrative adjective.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Ndirande

Achimwene a ku Soche, pa nzeru mukunena zoona, koma mwanayu ali ndi mayeso patsogolo, ndipo Chingerezi ndi phunziro loti akalephera satifiketi sapata. Mwana wanga, tsata dzina limene buku la m'kalasi mwanu ndi aphunzitsi ako akugwiritsa ntchito, ndipo funso likakhala losankha, ona limene laikidwa pa mayankhowo. Chimene usalakwitse ndi kusiyanitsa mawuwa ndi mlowam'malo. "This book is mine": "this" watsamira pa dzina, pomwe "mine" waima yekha m'malo mwa dzina, ndiye "mine" ndi mlowam'malo. Mu "This is my book" zatembenuka, "this" waima yekha ndipo ndi mlowam'malo, "my" watsamira pa "book". Her, that, some, each, uziwayesa chimodzimodzi.

Za -ing, bwerera ku malo. Ika "it" kapena "something" pamalo pa liwulo. "It is good exercise" ikumveka, ndiye "swimming" akugwira ntchito ya dzina, ameneyo ndi gerund. Mu "She is swimming" watsagana ndi "is" kupanga nthawi yopitirira, ndi mbali ya mneni, present participle. Mu "a crying baby" waima pakati pa "a" ndi dzina, akufotokoza mwana amene akulira, ndi participle wogwira ntchito ya mfotokozi. Chenjera ndi "a swimming pool" ndi "a walking stick". Dziwe silisambira, ndodo siyenda. Ndi dziwe losambiramo, ndodo yoyendera, choncho amenewo ndi ma gerund. Funsa kuti, kodi chinthucho chikuchita zimenezo, kapena n'chochitira zimenezo?

Chimene chakukola pa "look forward to" n'chakuti "to" alipo wamitundu iwiri. Wina ndi wa infinitive, uja wotsatidwa ndi mneni wosasintha, "I want to go". Wina ndi mperekezi, yemwe uja wa mu "to Limbe", ndipo mperekezi amafuna dzina, ndiye mneni akabwera pambuyo pake ayenera kuvala -ing. Kuyesa kwake n'komweko: ika dzina. "I look forward to the holiday" ikumveka, ndiye "to" ndi mperekezi, "meeting". "I want to the holiday" siikumveka, ndiye ndi infinitive. "Object to", "be used to", "in addition to" ndi "with a view to" onse ali m'gulu la mperekezi. Usiyanitse "I used to walk", kale ndinkayenda, ndi "I am used to walking", ndinazolowera kuyenda.

Gwero la chisokonezochi ndi ku- wathu. Kusambira ndi liwu limodzi, koma Chingerezi chili ndi awiri, "to swim" ndi "swimming", ndipo amene amasankha ndi mneni wotsogola. Enjoy, avoid, finish, mind, deny, suggest amafuna -ing. Want, decide, hope, refuse, agree, promise amafuna "to". Apa pokha ndiye n'poloweza. "Stop" amalola zonse koma tanthauzo limasintha: "He stopped smoking" wasiya fodya, "He stopped to smoke" anaima kuti asute.

Poyeserera, gula kope la masamba ochepa ulidule mizere inayi, dzina, mneni, mfotokozi, muonjezi. Tenga ndime imodzi ya The Nation kapena The Daily Times, usankhe mawu asanu patsiku, udzaze banja lonse la liwu lililonse, succeed, success, successful, successfully, ndipo chilichonse uchilembere chiganizo chako. Pamene dikishonale ilibe liwu, ika kamzere, usapeke lako, chifukwa si banja lililonse lili ndi anayi onse. "Difficult" alibe muonjezi wozolowereka, timati "with difficulty".

Yesa izi ubweretse mayankho pano, pa lililonse unene chimene chakuuza mtundu wa liwu. "The ____ of the road took two years" ndi "construct". "He answered the question ____" ndi "care", ndipo dziwa kuti anapeza zonse molakwika. "She apologised for ____ late" ndi "come". Pomaliza unene mtundu wa "well" mu "She sings well", "The well is dry" ndi "He is not well today".